Phula pa nsalu: lingathane ndi mvula ya ku Mulanje?

Ku Mulanje kuli mvula ziwiri, ndipo amene akufuna kutchinjiriza katundu wake ayambe wadziwa imene akulimbana nayo. Yoyamba ndi ya dzinja, yoyambira mu Novembala kufika mu Epulo, imene imabwera ndi ziphaliwali, kudzaza Ruo, Lichenya ndi Likhubula m'maola ochepa, kenako n'kukata. Yachiwiri ndi chiperoni. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti, dera lalikulu la dziko lino litauma gwaa, mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja ya Indian imadutsa Mozambique, komwe kuli phiri la Chiperone, n'kudzagunda khoma la phiri la Mulanje. Ikakwera imazizira, ndipo chimene chimatsika ndi mvula yamawawa yosakanikirana ndi nkhungu, yosadziwika poyambira ndi pothera, masiku atatu kapena anayi dzuwa osaoneka. N'chifukwa chake mbali ya kumwera kwa phirili, cha ku Lujeri, imalandira mvula yopitirira mamilimita 2,000 pachaka, pamene Lilongwe safika ngakhale theka lake. Ndi chinyezi chimenechi chimene chasunga tiyi kuchokera pamene Henry Brown anamudzala ku Lauderdale mu 1891. Koma walira mvula walira matope.

Matopewo amawadziwa ndi othyola tiyi, amene amaloŵa m'munda mbandakucha mitengo itadzala mame ofika m'chiuno. Akabaza a pakati pa Chitakale ndi Limbuli, amene kasitomala amakana kukhala pa khushoni yonyowa. Anyamata onyamula katundu wa alendo kuchokera ku Likhubula kupita ku Chambe kapena ku Chisepo, pansi pa Sapitwa. Ndi mwana wa sukulu amene makope ake amayenda m'jumbo. Onsewa yankho lawo lakhala limodzi, pulasitiki. Ndi yotchipa ndipo ili paliponse, ngakhale kuti boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamayikuloni 60 mu 2015, Khoti la Suprimu n'kugwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Koma pali njira ina yakale kuposa pulasitiki, imene zipangizo zake zina zikutayidwa kuseri kwa nyumba za alimi a njuchi m'mphepete mwa phiri lomweli: kupaka phula pa nsalu ya thonje. Njirayi imagwiradi ntchito, koma osati pa chilichonse, ndipo ambiri oikometsera amathamangira kufotokoza kapakidwe osanena malire ake.

Choyamba tione chimene chimachitika mu nsalumo. Ulusi wa thonje umamwa madzi. Nsalu yokhuthala yolukidwa mothinana, imene timaitcha ya chilona, ikanyowa ulusi wake umafufuma n'kutseka timipata ta pakati pake. Ndiye chifukwa chake matenti akale a thonje sankadontha kwenikweni ngakhale osapakidwa kanthu, pokhapokha wina akakhudza denga mkati, pamenepo madzi ankapeza njira. Vuto ndi loti nsalu yonyowa imalemera, imachedwa kuuma, ndipo m'nyengo ya chiperoni imachita chuku n'kuyamba kufumbwa. Phula losungunuka limaloŵa mu ulusi uliwonse, kuukuta, n'kudzaza timipata tija. Madzi ndi phula sizimvana. Dontho likagwa pa nsalu yotere silimwazika, limaundana n'kugubuduka monga limachitira pa tsamba la kabichi, lomwenso lili ndi phula lake lachilengedwe. Ulusi wosamwa madzi sulemera, ndipo chuku sichigwira msanga.

Nzeru imeneyi inachokera kwa amalinyero. Iwo anaona kuti thanga lonyowa limakola mphepo bwino kuposa louma, kungoti limalemera, ndiye anayamba kupaka matanga mafuta, makamaka a mbewu ya fulakisi. Zidutswa zotsala ankasokera zovala zodzitetezera ku mafunde. Zovalazo zinkauma gwaa kukazizira, zinkasanduka zachikasu, ndipo zinkanunkha. Cha m'ma 1930 makampani a ku Britain anayamba kugwiritsa ntchito phula lochokera ku mafuta a pansi panthaka, mtundu womwewo umene amapangira makandulo, ndipo nsalu inakhala yofeŵa ndi yopepukirapo. Kampani ya Barbour, imene John Barbour anaiyambitsa ku South Shields mu 1894, inatchuka ndi majekete otere, ndipo mpaka lero eni majeketewo amawabweza ku kampaniyo kuti akawapakenso phula. Ku Dundee, ku Scotland komwe kunachokera amishoni a ku Blantyre, fakitale ya Halley Stevensons ikupangabe nsalu zaphula. Kampani ya ku Sweden ya Fjällräven imagulitsa kamtanda ka phula la njuchi losakaniza ndi la kandulo, koti munthu azikhula yekha pa jekete kunyumba n'kupititsapo simbi. Ndikutchula izi kuti wina asaganize kuti iyi ndi njira ya amphawi osoŵa renikoti. Kunjako ndi katundu wa anthu andalama, pamene zosakaniza zake ndi zomwe zili pa msika wa Chitakale.

Wina angafunse za zitenje zija timati za waksi. Ayi, zimenezo sizitchinga madzi. Phula limene makampani ngati Vlisco ya ku Netherlands amagwiritsa ntchito ndi lojambulira maluwa: limaletsa utoto kuloŵa m'malo ena, kenako amalichotsa nsalu isanafike ku sitolo.

Tsono phula lenilenilo lichokera kuti? Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala likulimbikitsa ulimi wa njuchi m'midzi yozungulira phiri, kuti anthu azipeza ndalama osadula mitengo kapena kuotcha makala. Ming'oma yawonjezeka, uchi ukugulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Koma mlimi akafula uchi n'kufinya zisa, makoko otsalawo kaŵirikaŵiri ana amatafuna n'kulavula, otsala amatayidwa kudzala. Pamenepo ndi pomvetsa chisoni, chifukwa njuchi zimadya uchi wokwana makilogalamu 6 mpaka 8 kuti zipange kilogalamu imodzi ya phula. Poyerekeza kilogalamu ndi kilogalamu, chimene chikutayidwacho chinadya ntchito yambiri kuposa chimene chili m'botolo.

Kuyenga phula si ntchito yovuta. Tengani makoko a zisa, muwatsuke ndi madzi ozizira kuti uchi wotsalira uchoke. Aikeni m'poto wa aluminiyamu, osati wachitsulo chochita dzimbiri chifukwa chimadetsa phula, muthiremo madzi oti amize makokowo. Madzi a mvula ndiwo abwino. Ikani pa moto wochepa, muzitakasa, osalola kuti ziŵire mwaphamphu. Zonse zikasungunuka, khuthulirani m'ndowa kudzera pa nsalu yoyera, muifinye ndi timitengo tiŵiri. Pa nsalupo patsala zinyalala zakuda, timapiko ndi timiyendo ta njuchi. Vindikirani ndowayo, muisiye usiku wonse kuti izizire pang'onopang'ono. M'maŵa mupeza chimtanda chachikasu chikuyandama pamwamba pa madzi abulauni. Chitembenuzeni, mupale zonyansa za kunsi kwake ndi mpeni. Ntchitoyi muzigwira madzulo. Masana fungo la zisa zotentha limaitana njuchi za mudzi wonse, ndipo simumaliza bwino.

Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64. Ndi lonanda, limapindika limodzi ndi nsalu, ndipo limanunkhira. Phula la kandulo ndi louma ndi lophweka kuthetheka: likakhala lokha, nsalu ikapindidwa limasweka n'kusiya mizere yoyera, ndipo m'mizeremo ndi momwe madzi amadzera. Ubwino wake ndi mtengo, komanso silimata fumbi kwambiri. Ambiri amasakaniza theka ndi theka poyeza kulemera kwake, ndipo kwa chikwama kapena chovindikirira khushoni ya njinga muyezo umenewu ndi wabwino. Pa chovala chimene munthu azipinda nacho mawondo ndi zigongono tsiku lonse, chulutsani la njuchi, muwonjezere Vaseline pang'ono, supuni imodzi kapena ziŵiri pa kapu ya phula losungunuka, kuti nsalu ifeŵe. Mafuta ophikira musathiremo. Amasasa, amanunkha, ndipo mudzapeza nyerere ndi makoswe zitakuthandizani kugwiritsa ntchito chikwamacho. Mafuta a fulakisi amapezeka m'masitolo a penti ndipo ena amawakonda, koma amatenga masiku ambiri kuti aume, komanso sanza zonyowa ndi mafuta amenewa zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha mpaka kuyaka popanda woyatsa. Ine ndingati asiyeni.

Nsalu ndiyo imalakwitsa anthu ambiri. Iyenera kukhala ya thonje, yokhuthala, yolukidwa mothinana. Iunikeni pa dzuwa: ngati mukuona timabowo ta kuwala, phula silikwanitsa kutseka. Jinzi yakale, ovolosi, nsalu ya yunifolomu ya khaki, chikwama cha chilona cha pa kaunjika, zonsezi zimalandira phula bwino. Koma zambiri za pa kaunjika masiku ano ndi poliyesita kapena nayiloni, zimene ulusi wake sumwa kanthu. Phula limangokhala pamwamba n'kumakanganuka, ndipo simbi yotentha imaboola nsaluyo. Kuti mudziwe, sololani ulusi pang'ono m'mphepete, muuyatse ndi machesi. Thonje limayaka ngati pepala, fungo lake ndi la pepala, ndipo limasiya phulusa lofeŵa lotuwa. Poliyesita amakwinyika, kusungunuka, n'kusiya kamkanda kakuda kolimba. Telala aliyense wodziwa ntchito yake amazidziwa izi, ngakhale sakuuzani musanagule.

Kapakidwe kake nkotere. Chapani nsalu, ngakhale yatsopano, chifukwa ya ku sitolo imabwera ndi sitachi woletsa phula kuloŵa, ndipo iume kotheratu. Chinyezi chotsalira chikatsekeredwa mkati ndiye mwasungira chuku nyumba. Choncho iyi si ntchito ya sabata ya chiperoni, ndi ya tsiku la dzuwa. Ngati ndi chikwama kapena epuloni, musoke kaye, phula libwere pomaliza, kuti lidzatseke timabowo ta singano. Dulani phula m'tizidutswa, muike m'chitini chouma, chitinicho muchiike m'poto wa madzi pa mbaula. Chitini chisakhale pa makala penipeni. Madzi oŵira sapitirira madigiri 100, ndiye phula lisungunuka osafika poti lingayake. Yalani nsalu pa thabwa kapena pa katoni, mutenge burashi ya penti yotchipa, mupake mofulumira gawo ndi gawo, kuyambira m'misoko ndi m'makona. Phula liziuma musanamalize mzere, nsalu izioneka yoyera mbuu ndi yazigamba ngati mwaiwononga. Musade nkhawa, ntchito ikadali pakati.

Chotsatira ndi kutentha. Yalani pepala la khaki pamwamba, mupititse simbi ya makala yosatentha kwambiri, pang'onopang'ono. Mukakweza pepala muona zoyera zija zazimirira, nsalu yasanduka yakuda kuposa kale ndipo mtundu wake wafanana ponse. Pamene pakuoneka potuwa ndiye kuti sipanakhute, onjezerani. Pamene pakunyezimira ngati pathiridwa mafuta, pachuluka. Ikanipo sanza youma, musite, imwa lotsalalo. Ngati simbi ndi yomweyo yositira malaya a ku tchalitchi, ipukuteni ikadali yotentha, apo ayi mlandu wake mukauyankha nokha kunyumba. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala dzuwa limathandiza: nsalu yoyalidwa pa lata masana imafeŵetsa phula mokwanira kuti mulikhule ndi dzanja liloŵe. Pali njira yachiŵiri yosafuna burashi, yongotenga mtanda wa phula louma n'kumakhula pa nsalu monga mochapira ndi sopo, kenako n'kusita. Imaloŵetsa phula lochepa, choncho ndi yabwino pa jekete ndi chipewa, ndipo mukhoza kubwereza kaŵiri kapena katatu pa mapewa pamene mvula imafikira. Mukatha, pachikani pa mthunzi tsiku limodzi kapena aŵiri, kenako thirani madzi a m'kapu. Akagubuduka, zatheka. Pakada kadontho, pamenepo pakufunika lina.

Pali chinthu chimodzi choti chinenedwe mosapsatira. Anthu ena, pofuna kuti phula liloŵe msanga popanda simbi, amalisungunula mu petulo kapena mu palafini wa nyali n'kumapaka ngati penti. Musayerekeze. Pa 6 Julayi 1944, mu mzinda wa Hartford ku America, chitenti chachikulu cha chionetsero cha Ringling Brothers and Barnum & Bailey chinagwira moto anthu zikwizikwi ali mkati. Denga lake linali litapakidwa phula la kandulo losungunulidwa mu petulo kuti lisadonthe. Linapsa lonse m'mphindi zosakwana khumi, zidutswa zoyaka zikugwera anthu, ndipo anafa anthu oposa 160, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Ngakhale popanda petulo, nsalu ya thonje yokhuta phula ndi chingwe cha kandulo chachikulu. Epuloni yotere si yovala pophika, pootcha mbatata kapena poothera moto m'tinyumba ta pa phiri. Ndipo phula likayaka m'chitini musathire madzi, chifukwa limathovoka n'kumwaza moto. Vindikirani ndi chivindikiro cha poto kapena thirani mchenga. Ana akhale patali, poti phula lotentha likagwera pa khungu limamatirira.

Tsopano malire ake. Nsalu yaphula imakana madzi, koma siiwatsekereza kotheratu ngati pulasitiki. Mawawa a chiperoni, mame a m'munda wa tiyi, mvula ya theka la ola panjira yochokera ku msika wa Nkando, zonsezi imazigonjetsa bwinobwino. Koma madzi akadikha pamwamba pake, kapena mvula yamphamvu ikaiwomba maola ambiri, amapeza njira, kuyambira m'misoko ndi m'mapindo. Mvula ngati ya namondwe Freddy, imene inagwa usana ndi usiku mu Malichi 2023 n'kugumula mbali za phiri ku Mulanje ndi ku Phalombe, si ya phula ayi. Pa denga la msasa, pa lole yonyamula katundu, pa njerwa zosaotcha, chilona cha pulasitiki ndicho choyenera, ndipo kuumirira phula pamenepo ndi kutaya ndalama: chilona chachikulu chingadye makilogalamu angapo, chingalemere moti munthu mmodzi sangachinyamule, komanso ndi ngozi ya moto ija.

Chimanga, mtedza ndi nandolo musazifunditse nsalu yaphula kwa masiku. Mbewu yosaumitsitsa imatulutsa chinyezi, ndipo chinyezicho chikasoŵa potulukira chimabwerera ngati thukuta. Zotsatira zake ndi chuku, chomwe pa chimanga ndi mtedza chimabala poizoni wa aflatoxin. Thupi la munthu nalonso limatulutsa chinyezi. Jekete laphula limapitisa mpweya pang'ono kuposa renikoti ya pulasitiki, koma wokwera chitunda cha Chambe atasenza katundu adzanyowabe ndi thukuta lake lomwe. Kwa iyeyo phula lipite pa chikwama ndi pa chipewa. Kutentha nako ndi mdani. Mu Okutobala chikwama chakuda chosiyidwa padzuwa kapena pafupi ndi injini ya minibasi chimafeŵa, kumata fumbi, n'kusiya banga la mafuta pa malaya oyera. Pachifukwa chimenechi pakani kunja kokha, ndipo chikwama cha mabuku chikhale ndi nsalu ina yosapaka mkati.

Nanga pamene ikuyenera ndi pati? Pa zinthu zazing'ono zimene zimakhuzika tsiku ndi tsiku, zomwe pulasitiki imang'ambika msanga. Epuloni ya wothyola tiyi ndiyo chitsanzo chabwino koposa, makamaka kwa alimi ang'onoang'ono ngati a Sukambizi amene amadzigulira okha zogwirira ntchito. Nthambi zodulidwa za tiyi ndi zakuthwa, zimaboola pulasitiki, ndipo pulasitiki yobooka siisokeka. Jinzi yaphula imapirira, ndipo ikang'ambika mumaika chigamba, kupakapo phula, basi. Chimodzimodzi chovindikirira khushoni ya kabaza, kathumba ka foni ndi ndalama, chikwama cha zipangizo za mmisiri, chikwama cha sukulu. Palinso ntchito ina imene yafala kunja m'zaka zapitazi: kachidutswa ka chitenje chathonje kopakidwa phula la njuchi lokhalokha, kopanda kandulo kapena Vaseline, kokulungira buledi, mandasi kapena chigumu cha mwana wopita ku sukulu m'malo mwa jumbo. Kutentha kwa dzanja kumakafeŵetsa n'kugwira mpindo. Nyama ndi nsomba zaziŵisi musakulungiremo, poti simungakatsuke ndi madzi otentha.

Pa za mtengo, tisanamizane. Tsiku logula, pulasitiki ndiyo yotchipa, ndipo kwa munthu amene ndalama ya lero ndi ya ndiwo za lero, mfundo imeneyi ndi yaikulu. Amene akagule nsalu yatsopano ndi phula la m'sitolo za m'tauni apeza kuti renikoti ya pa kaunjika ikanamukomera. Masamu amasintha pamene nsalu ndi jinzi yoti inatha kale ntchito, ndipo phula ndi la ming'oma yanu kapena ya mnansi. Pamenepo chimene mwaononga ndi makala ochepa ndi makandulo angapo, pomwe pulasitiki dzuwa limaiumitsa mpaka kumanyenyeka yokha, n'kukathera mu ngalande ndi m'mitsinje yotsika m'phiri. Ndikuona kuti mwayi weniweni uli pakati pa anthu aŵiri amene sakumana kaŵirikaŵiri, mlimi wa njuchi wa m'mphepete mwa nkhalango ndi telala wa pa khonde la sitolo. Woyambayo ali ndi chinthu chimene sachiŵerengera mtengo, winayo ali ndi makasitomala amene amanyowa chaka chonse. Alendo okwera phiri, amene kwawo chikwama chaphula amachigula modula, amadutsa pa Likhubula ndi pa Chitakale pomwepo.

Wogula phula kwa ena achenjere ndi losakaniza. Phula la njuchi lenileni limanunkhira uchi, likathyoledwa mkati mwake mumaoneka ngati timchenga tosalala, ndipo kachidutswa kakafikisidwa pakati pa zala kamafeŵa n'kuumbika osanyenyeka. Losakanizidwa ndi kandulo wambiri limaterera ndipo limayoyoka. Pa chikwama zimenezo zilibe vuto lalikulu malinga mtengo wake ukhale woyenera, koma pa kansalu ka chakudya funani lenileni.

Kasamalidwe kake nkosavuta koma nkosiyana ndi zomwe tinazoloŵera. Nsalu yaphula siichapidwa ndi sopo kapena madzi otentha, ndipo siipita pa mwala wochapira. Zonsezo zimachotsa phula. Matope asiyeni aume, muwakutumule ndi burashi, kenako mupukute ndi sanza ya madzi ozizira. Ikanyowa ipachikeni pamalo opita mphepo, osati pamwamba pa moto. Posunga, kupachika kapena kukulunga n'kwabwino kuposa kupinda, chifukwa mpindo wa malo amodzimodzi ndiwo umayamba kudontha. Phula limatha ndi kukhuzika, makamaka m'makona, pa mapewa ndi pamene lamba amadutsa, ndipo malo amenewo amayamba kutuwa. Kamodzi pachaka khulanipo mtanda uja n'kusita. Sipafunika kuyambiranso nsalu yonse. Mtanda wotsala uikeni m'chitini chotseka kuti makoswe asaufike, ndipo udzagwirabe ntchito ngakhale patapita zaka zambiri.